Pulinta ili pa netiweki koma kompyuta sikuiona: poyambira pofufuza vutoli

Uthenga umene kompyuta imaonetsa ikalephera kulumikizana ndi pulinta suthandiza kwenikweni. Windows imangoti sinapeze pulinta, kapena kuti singathe kulumikizana nayo, nthawi zina n'kuwonjezerapo nambala yaitali ngati 0x0000011b. Mawu omwewa amabwera chingwe chikasolotoka, amabweranso adiresi ya pulinta, nambala imene imadziwikira pa netiweki, ikasintha usiku, laputopu ikakhala pa Wi-Fi ya alendo, ngakhalenso driver, pulogalamu yothandiza kompyuta kulankhula ndi pulinta, ikakhala yosagwirizana ndi makinawo. N'chifukwa chake anthu ambiri amataya maola akuchotsa driver ndi kuikanso, pamene vuto lili kwina kumene driver sifikako n'komwe.

Driver iyenera kukhala yomalizira kuikayikira. Kuti pepala lituluke, choyamba pulinta ikhale ndi adiresi yabwino, kenako pakhale njira yochokera pa kompyuta kukafika pa adiresiyo, kenako port, khomo la nambala limene pulinta imalandirira ntchito, ikhale yotseguka, ndipo pamenepo m'pamene driver imayamba kukhala ndi mawu. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi njira yake yochiyesera pachokha, ndipo kuyesako sikutenga mphindi ziwiri. Mukatsata ndondomekoyi kuchokera pansi, mumadziwa pamene pathyoka m'malo mongolota.

Yambani pa pulinta, kompyuta idikire

Pafupifupi pulinta iliyonse ya pa netiweki imatha kusindikiza tsamba lofotokoza mmene yalumikizidwira. Pa mapulinta okhala ndi sikirini, tsambali limapezeka pansi pa Network kapena Reports. Pa opanda sikirini mumadina batani la chidziwitso kapena la Wi-Fi kwa masekondi angapo, ndipo kabuku ka pulintayo kamanena batani lake. Patsambali fufuzani mizere inayi: IP Address, Subnet Mask, Default Gateway ndi MAC Address. Ngati pulintayo ili pa Wi-Fi, onaninso dzina la netiweki imene yalowamo. Tsambali lisungeni, mudzalifuna kangapo.

Adiresi ya IP imanena zambiri musanakhudze china chilichonse. M'nyumba ndi m'maofesi ang'onoang'ono, adiresi yabwino imayamba ndi 192.168, kapena ndi 10, kapenanso imakhala pakati pa 172.16 ndi 172.31. Mukaona 0.0.0.0, pulinta sinalumikizidwe n'komwe. Mukaona adiresi yoyamba ndi 169.254, pulinta inapempha adiresi kwa rauta, kabokosi kogawa intaneti ndi maadiresi, sinayankhidwe, ndipo inangodzisankhira yake. Adiresi yotereyi imanyenga anthu chifukwa imaoneka ngati yeniyeni, koma makompyuta ena pa netiweki yanu ali pa manambala ena ndipo nthawi zambiri saifikira. Vuto pamenepa lili pakati pa pulinta ndi rauta, ndipo chilichonse chimene mungachite pa kompyuta n'kungotaya nthawi.

Ngati pulinta ili pa chingwe, yang'anani timagetsi ta pamalo olowetsera chingwecho, kumbuyo kwa pulinta ndi pa rauta kapena pa switch. Tikakhala tozima, sinthani chingwe, kenako sinthani bowo la pa rauta. Chingwe cha Ethernet sichiyenera kupitirira mamita 100 popanda switch pakati. Dziwaninso kuti mapulinta ambiri amazimitsa Wi-Fi yake akangomva chingwe, choncho chingwe chimene chinasiyidwa kumbuyo chingathe kukusokonezani.

Pa Wi-Fi pali misampha itatu. Woyamba ndi wa 2.4 GHz. Mapulinta ambiri, makamaka otsika mtengo ndi akale, amamva 2.4 GHz yokha, ndipo netiweki ya 5 GHz saiona ngakhale rauta ili pafupi. Rauta zamakono zimaphatikiza ziwirizi pansi pa dzina limodzi, ndipo mapulinta ena amalephera kulowa pa netiweki yophatikizidwa chonchi. Lowani mu rauta, tsimikizani kuti 2.4 GHz ndi yoyatsa, ndipo ngati pulinta ikukanabe, ipatseni 2.4 GHz dzina lakelake. Kompyuta ikhoza kukhalabe pa 5 GHz popanda vuto, bola zonse zili pa rauta imodzi. Msampha wachiwiri ndi chitetezo cha WPA3. Pulinta imene inapangidwa WPA3 isanabwere imangoti pasiwedi ndi yolakwika, chonsecho mwailemba bwinobwino. Ikani rauta pa WPA2 kapena pa njira yolola WPA2 ndi WPA3 pamodzi. Wachitatu ndi Wi-Fi Direct, netiweki imene pulinta imatulutsa yokha, ya dzina loyamba ndi DIRECT. Kagetsi ka Wi-Fi kamayaka, munthu n'kuganiza kuti pulinta yalowa pa rauta, pamene ikungoulutsa netiweki yake. Pa mapulinta ambiri a HP adiresi ya Wi-Fi Direct imakhala 192.168.223.1, ndiye mukaiona patsamba lija musaiyese adiresi ya pa netiweki yanu.

Kodi pali njira pakati pa ziwirizi?

Tsopano pitani pa kompyuta. Pa Windows tsegulani Command Prompt n'kulemba ipconfig. Pa Linux lembani ip addr, ndipo pa Mac adiresi imaoneka mu System Settings pansi pa Network. Yerekezerani adiresi ya kompyuta ndi ya pulinta. Ngati subnet mask ndi 255.255.255.0, monga zimakhalira pa netiweki zambiri zazing'ono, magulu atatu oyamba a manambala ayenera kufanana. Kompyuta ya 192.168.1.23 ndi pulinta ya 192.168.1.50 zili pamodzi. Kompyuta ya 192.168.1.23 ndi pulinta ya 192.168.0.50 zili pa netiweki ziwiri zosiyana, ngakhale zitakhala pa tebulo limodzi.

Kusiyanaku kumabwera kawirikawiri pakakhala rauta ziwiri. Kampani ya intaneti imaika rauta yake, mwini malo n'kugulanso ina kuti Wi-Fi ifike kutali, n'kuilumikiza kudzera pa bowo la WAN. Rauta yachiwiriyi imayamba kugawa maadiresi akeake, ndipo imatseka zonse zochokera kunja kwake. Kompyuta imene ili pansi pa rauta yachiwiri imatha kufika pa pulinta ya pa rauta yoyamba mukalemba adiresi pamanja, koma kompyuta ya pa rauta yoyamba singafike pa pulinta yobisika kuseri kwa yachiwiri. Yankho lokhalitsa ndi kusintha rauta yachiwiri kuti igwire ntchito ngati access point, isiye kugawa maadiresi, zonse zikhale netiweki imodzi. Kusiyana kwa manambala kumabweranso pulinta ikakhala ndi adiresi yolembedwa pamanja kalekale, rauta n'kusinthidwa, pulinta n'kutsala pa manambala a rauta yakale.

Manambala akagwirizana, lembani ping 192.168.1.50 pamalo olemba malamulo paja, mukuika adiresi ya pulinta yanu, kuti muone ngati iyankha. Mayankho akabwera, njira ilipo. Kenako tsegulani browser n'kulemba adiresi yomweyo pamalo olemba dzina la webusaiti. Mapulinta ambiri a pa netiweki ali ndi tsamba lawolawo loonetsa inki, mapepala ndi makonzedwe a netiweki. Browser ikhoza kuchenjeza kuti satifiketi ya tsambalo ndi yosadalirika, ndipo zimenezi n'zachizolowezi chifukwa pulinta imadzipangira yokha satifiketiyo. Kuyesa kwa browser kumaposa ping, popeza kumatsimikizira kuti chimene chikuyankhacho ndi pulinta ndithu. Ping ikamayankha koma tsamba osabwera, zimitsani pulinta n'kuchitanso ping. Ikayankhabe pulinta ili chizimire, chipangizo china chatenga adiresi yomweyo, ndipo ndicho chikuchititsa kuti kusindikiza kuzitheka lero, mawa n'kukanika.

Manambala akhoza kugwirizana koma ping n'kukhala chete. Apa kayikirani zinthu ziwiri. Netiweki ya alendo, ndiponso makonzedwe a mu rauta otchedwa AP isolation kapena client isolation, zimaletsa dala zipangizo za pa Wi-Fi kulankhulana. Chilichonse chimafika pa intaneti, koma sichiona chinzake. China ndi VPN, pulogalamu yolumikiza kompyuta ku netiweki yakutali mwachinsinsi. Ma VPN ambiri a kuntchito amatumiza chilichonse chochokera pa laputopu kupita ku ofesi yaikulu, kuphatikizapo zimene zimayenera kupita pa pulinta ya m'chipinda momwemo. Zimitsani VPN, yesaninso. Zikatheka, funani makonzedwe olola local network mu pulogalamu ya VPN, ndipo ngati ndi okhoma, amene angawatsegule ndi oyang'anira makompyuta a kuntchitoko.

Kupeza pulinta ndi kusindikiza ndi njira ziwiri zosiyana

Apa m'pamene pagona chisokonezo chachikulu, ndipo ndi bwino kupamvetsa. Mukadina Add device, kompyuta sidziwa adiresi ya pulinta. Imaulutsa funso kwa zipangizo zonse za pa netiweki n'kudikira yankho. Apple, Linux, mafoni ndiponso Windows yamakono zimagwiritsa ntchito mDNS, imene Apple imaitcha Bonjour, pa port 5353 ya UDP. Windows ilinso ndi njira yake yotchedwa WSD, imene imafufuza kudzera pa port 3702 ya UDP. Zili ngati kuima pabwalo n'kufuula kuti amene ali ndi pulinta ayankhe: mawuwo amamveka pabwalo lomwelo basi, ndipo kuseri kwa mpanda safikako. Mauthenga amtunduwu sadutsa rauta kupita pa netiweki ya manambala ena, rauta zina za Wi-Fi zimawataya, ndipo firewall, pulogalamu yotchinga mauthenga osaloledwa, imawatsekereza mosavuta.

Kusindikiza kwenikweni sikudalira zimenezi. Kompyuta ikadziwa adiresi, imapita molunjika. Choncho pulinta ikhoza kusaoneka pamndandanda koma n'kumasindikiza bwinobwino mukaiika pamanja. Kusaoneka pamndandanda sikutanthauza kuti pulinta yawonongeka.

Ngati mukufunabe kuti izioneka yokha pa Windows, onani mtundu wa netiweki. Windows 11 imaika netiweki yatsopano pa Public, ndipo pa Public firewall imatseka zambiri zokhudza kufufuza zipangizo. Mu Settings, pansi pa Network & internet, tsegulani Properties ya netiweki yanu n'kusankha Private, kenako yatsani Network discovery mu Advanced sharing settings. Chitani izi pa netiweki imene mukuikhulupirira yokha. Ngati pa kompyutapo pali antivirus yokhala ndi firewall yakeyake, nayonso ili ndi makonzedwe ake a netiweki yodalirika, ndipo kusintha kwa mu Windows sikuikhudza. Pa tsamba la pulinta lija onaninso ngati Bonjour, WSD ndi IPP zili zoyatsa, chifukwa m'maofesi ena amazizimitsa dala.

Ikhazikeni adiresi musanaike pulinta pamanja

Rauta imagawa maadiresi mobwereketsa kudzera mu DHCP. Nthawi yobwereketsayo ikatha pulinta ili yozima, kapena rauta ikazima n'kuyakanso, pulinta ikhoza kulandira adiresi ina. Kompyuta imapitiriza kutumiza ntchito ku adiresi yakale, ndipo pulinta imaoneka Offline chonsecho ili yoyaka. Pulinta imene inkagwira ntchito dzulo koma lero yaleka popanda wina kusintha kanthu, nthawi zambiri vuto lake ndi limeneli.

Njira yabwino ndi kulowa mu rauta, kupeza DHCP reservation, imene rauta zina zimaitcha address reservation kapena static lease, n'kumangiriza MAC address ya pulinta, nambala yake yosasintha, ku adiresi imodzi. MAC address ili ndi zilembo ndi manambala 12, ndipo pulinta imakhala ndi imodzi ya chingwe ndi ina ya Wi-Fi, choncho tengani ya njira imene mukugwiritsa ntchito. Njira inayo ndi kulemba adiresi pamanja pa pulinta pomwepo. Imagwira ntchito, koma adiresiyo ikhale kunja kwa manambala amene rauta imagawa. Ngati rauta imagawa kuyambira 192.168.1.100 mpaka 192.168.1.200, ipatseni pulinta 192.168.1.50, ndipo lembani subnet mask ndi gateway molondola. Ine ndimakonda ya mu rauta, chifukwa tsiku limene netiweki idzasinthe, pulinta idzalandira manambala atsopano yokha m'malo motsala pa akale.

Ma port, ndi kuika pulinta pamanja

Pulinta imalandira ntchito pa ma port atatu odziwika. Port 9100 ndi ya RAW, njira imene inatchuka ndi JetDirect ya HP: kompyuta imangothira deta, pulinta n'kusindikiza. Port 515 ndi ya LPR, njira yakale ya ku Unix, imene imafuna dzina la queue, mzere wa ntchito zodikira kusindikizidwa, ndipo dzinalo likalakwika mapulinta ena amangotaya ntchitoyo mwakachetechete. Port 631 ndi ya IPP, imene imalola pulinta kuuza kompyuta zimene imatha, monga kukula kwa mapepala, mitundu, ndi kusindikiza mbali zonse ziwiri.

Yesani port musanaike chilichonse. Mu PowerShell lembani Test-NetConnection 192.168.1.50 -Port 9100, kenako bwerezani ndi 631. Mzere wa TcpTestSucceeded ukanena True, port ndi yotseguka. Pa Mac ndi Linux lembani nc -vz 192.168.1.50 9100. Ngati ping ikuyenda koma port ikukana, njirayo ndi yozimitsa pa tsamba la pulinta, kapena firewall ina pakati ikuitseka. Mapulinta ena a m'maofesi alinso ndi mndandanda wa maadiresi ololedwa kusindikiza, ndipo kompyuta yatsopano sikhalapo mpaka wina ailembepo.

Pa Windows 11 pitani ku Settings, Bluetooth & devices, Printers & scanners, dinani Add device, dikirani pang'ono mpaka paoneke mawu oika pamanja, kenako sankhani Add a printer using an IP address or hostname. Pa Device type musasiye pa Autodetect ngati ikuchedwa kapena kulephera. Sankhani IPP Device n'kulemba adiresi, kapena TCP/IP Device ngati mukufuna port 9100 ndi driver ya kampani. Nthawi zina IPP imafuna adiresi yonse, ndipo pa mapulinta ambiri imalembedwa chonchi: http://192.168.1.50:631/ipp/print.

Pali kabokosi kamodzi kamene kavutitsa anthu ambiri. Windows ikapanga Standard TCP/IP Port, imafunsa pulinta za umoyo wake kudzera mu SNMP, pa port 161 ya UDP, pogwiritsa ntchito dzina loti public. Ngati SNMP ndi yozimitsa pa pulinta, kapena dzinalo linasinthidwa, yankho silibwera, ndipo Windows imalemba Offline n'kusiya kutumiza ntchito, ngakhale port 9100 ili yotseguka. Tsegulani Printer properties, pitani pa Ports, dinani Configure Port, chotsani chizindikiro pa SNMP Status Enabled. Kawirikawiri pulinta imabwerera nthawi yomweyo ndipo ntchito zimene zinaunjikana zimayamba kutuluka. Mukadali pa Ports pomwepo, onani ngati port yosankhidwa ikuyamba ndi WSD. Port za WSD zili ndi ubwino woti zimatsatira pulinta adiresi ikasintha, koma zimadalira kufufuza kuja, ndipo mapulinta ena akalowa mu sleep mode amasiya kuyankha. Ngati pulinta imasowa masana aliwonse n'kubwerera mukaizimitsa ndi kuiyatsa, pangani port yatsopano ya TCP/IP pa adiresi yokhazikika ija.

Tsopano tingakambe za driver

Zizindikiro za driver yolakwika ndi zapadera, ndipo sizifanana ndi za netiweki. Ntchito imachoka pamzere ngati yatheka koma pepala osatuluka. Kapena pulinta imatulutsa mapepala ambirimbiri, lililonse lili ndi mzere umodzi wa zilembo zosamveka pamwamba. Chikuchitika n'chakuti kompyuta ikulankhula chinenero chimene pulintayo sidziwa. Zinenero zazikulu ndi PCL ya HP ndi PostScript ya Adobe. Mukatumiza PostScript kwa pulinta yodziwa PCL yokha, imasindikiza malamulowo ngati mawu wamba. Mapulinta ambiri otsika mtengo sadziwa chilichonse mwa ziwirizi, amadalira kompyuta kuti iwakonzere tsamba lonse, choncho driver ya mtundu woyandikana nawo sigwira. Amafuna yawoyawo ndendende.

Driver itengeni pa webusaiti ya kampani imene inapanga pulintayo, yogwirizana ndi dzina lonse la modelo ndi mtundu wa Windows yanu. Mawebusaiti olonjeza kukupezerani ma driver onse apeweni, chifukwa driver ya pulinta imagwira ntchito ndi mphamvu zazikulu mkati mwa kompyuta, ndipo pulogalamu yoipa ikalowera pamenepo imafika paliponse. Malaputopu a Windows okhala ndi purosesa ya ARM, monga a Snapdragon, salandira driver ya x64, amafuna ya ARM64 kapena IPP.

Ndipo m'pamene nkhani yonse ikulowera, ku IPP. Apple inayambitsa AirPrint mu 2010, bungwe la Printer Working Group linakonza IPP Everywhere, ndipo Mopria imachita zofanana ku mbali ya Android ndi Windows. Zonsezi zimalola kusindikiza popanda driver ya kampani. Mu 2023 Microsoft inalengeza kuti izisiya pang'onopang'ono kugawa ma driver a makampani kudzera mu Windows Update, ndipo Windows 11 24H2 inabwera ndi Windows protected print mode. Mukaiyatsa, Windows imagwiritsa ntchito IPP yokha n'kuchotsa mapulinta odalira ma driver a makampani. Choncho ngati driver yolondola ikukana kulowa pa kompyuta yatsopano, onani mu Printers & scanners ngati njirayi ndi yoyatsa. Pa pulinta imene imadziwa IPP, malangizo anga ndi akuti yambani ndi IPP, ndipo driver ya kampani muiike pokhapokha mukufuna zinthu zapadera monga kumanga mapepala ndi sitepula kapena nambala yachinsinsi ya wosindikiza.

Kuchotsa pulinta mu Settings sikuchotsa driver yake. Imatsalira, ndipo mukaikanso pulinta Windows imatenga yomweyo yowonongekayo. Kuti ichoke, dinani batani la Windows ndi R, lembani printui /s /t2, sankhani driver, dinani Remove, kenako Remove driver and driver package. Ikakana ponena kuti ikugwiritsidwa ntchito, pali ntchito yokakamira pamzere. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani net stop spooler, fufutani mafayilo onse a mu C:\Windows\System32\spool\PRINTERS koma fodayo muisiye, kenako lembani net start spooler n'kuchotsa driver mwamsanga. Njira yomweyi imamasula mzere umene ntchito yake yoyamba yangoima pa Deleting osachoka.

Pulinta yogawidwa kuchokera pa kompyuta ina

Mavuto ovuta kwambiri amapezeka pamene pulinta ili pa USB ya kompyuta imodzi, ina n'kumaipeza kudzera pa dzina ngati \\DZINALAKOMPYUTA\DzinaLaPulinta. Pamenepa simukulankhula ndi pulinta, mukulankhula ndi Windows ya kompyuta inayo, kudzera mu njira ziwiri zimene makompyuta a Windows amalankhulirana, SMB pa port 445 ndi RPC. Kompyutayo iyenera kukhala yoyaka, isagone, ikhale pa Private, ndipo File and printer sharing ikhale yoyatsa. Dzina likakana, yesani adiresi yake ya IP m'malo mwa dzina. Zikatheka ndi adiresi, vuto ndi kumasulira dzina basi.

Mu 2021 panapezeka chiopsezo chachikulu mu Print Spooler, pulogalamu ya Windows yoyang'anira mzere wa zosindikiza, chimene chinatchedwa PrintNightmare, nambala yake CVE-2021-34527. Chinkalola munthu wamba pa netiweki kulanda ulamuliro wa kompyuta yonse kudzera mu njira yoikira ma driver. Kuyambira mu Ogasiti 2021, Windows inayamba kufuna administrator kuti driver yochokera pa kompyuta yogawa pulinta ilowe. N'chifukwa chake wogwira ntchito wamba amafunsidwa pasiwedi ya administrator pa chinthu chimene kale chinkangotheka chokha. Njira yaukhondo ndi kuika driver yomweyo, ya version yomweyo, pa kompyuta yolandira musanalumikize.

Nambala ya 0x0000011b inafala pambuyo pa ma update a Seputembala 2021, pamene Windows inayamba kukakamiza chitetezo chokhwima pa RPC ya kusindikiza. Imabwera makamaka kompyuta imodzi ikakhala ndi ma update, inayo ilibe. Malangizo ofala pa intaneti ndi oti muike RpcAuthnLevelPrivacyEnabled pa 0 mu registry, mosungira makonzedwe a Windows, ya kompyuta yogawayo. Imagwiradi ntchito, koma imatero pozimitsa chitetezo chimene chinaikidwa pa chifukwa chenicheni, ndipo sindingakulimbikitseni kuisiya choncho. Yambani mwaika ma update pa makompyuta onse awiri. Nambala ya 0x00000709 imaoneka kwambiri kuyambira pa Windows 11 22H2, imene inasintha njira ya RPC kuchoka pa named pipes kupita pa TCP. Mu Group Policy, pansi pa Administrative Templates ndi Printers, muli Configure RPC connection settings ndi Configure RPC listener settings, ndipo mbali ziwirizo ziyenera kugwirizana. Windows 11 24H2 inakhwimitsanso SMB, moti kulowa ngati mlendo wopanda pasiwedi kumakanidwa pa makompyuta ambiri. Pangani akaunti yokhala ndi pasiwedi pa kompyuta yogawayo, muisunge mu Credential Manager ya kompyuta yolandira, pansi pa Windows Credentials.

Ngati pulintayo ili ndi bowo la Ethernet kapena Wi-Fi, chotsani kugawaku. Ilumikizeni ku rauta, kompyuta iliyonse iziifikira pa adiresi yake. Mavuto onse a m'ndime zitatuzi amatha nthawi imodzi, ndipo kusindikiza sikudikiranso kuti kompyuta ya munthu wina iyake.

Mac ndi Linux

Zonsezi zimagwiritsa ntchito CUPS, pulogalamu yoyendetsa kusindikiza, choncho kafufuzidwe kake n'kofanana. Pa Mac, mu Printers & Scanners dinani Add Printer, pitani pa chizindikiro cha IP, lembani adiresi, sankhani AirPrint kapena IPP, kapena HP Jetdirect - Socket ngati mukufuna port 9100. Pa Use samalani ndi Generic PostScript Printer, imene Mac imaisankha ikasowa china, chifukwa pa pulinta yosadziwa PostScript ndiyo imatulutsa mapepala a zilembo zosamveka aja. Zinthu zikasokonekeratu, gwirani Control n'kudina pamndandanda wa mapulinta, sankhani Reset printing system, podziwa kuti imachotsa mapulinta onse.

Pa Linux, kufufuza kumadalira avahi-daemon. Lamulo la avahi-browse -rt _ipp._tcp limaonetsa mapulinta amene akudzilengeza. Kuika pamanja ndi mzere umodzi: lpadmin -p Ofesi -E -v ipp://192.168.1.50/ipp/print -m everywhere. CUPS ikalephera kutumiza ntchito imatha kuimitsa mzere wonse, n'kukhala choimitsa ngakhale vuto litatha. Lembani lpstat -t kuti muone, kenako cupsenable Ofesi kuti upitirire. Chifukwa chenicheni cha kulepherako chimalembedwa mu /var/log/cups/error_log.

Zonse zikakanika

Tengani foni imene ili pa Wi-Fi yomweyo, yesani kusindikiza. Foni ikasindikiza, pulinta ndi rauta zili bwino, bwererani pa kompyuta mukaone firewall, VPN ndi port. Foni nayonso ikalephera ndipo tsamba la pulinta silikutseguka pa chipangizo chilichonse, onani ngati kampani inatulutsa firmware yatsopano, pulogalamu ya mkati mwa pulinta, makamaka ngati vuto linayamba rauta itasinthidwa. Poika firmware gwiritsani ntchito USB kapena chingwe cha Ethernet, ndipo pulinta isazime ntchitoyo ili mkati, chifukwa ikadukira pakati makinawo akhoza kulephera kuyakanso.

Chomalizira ndi Restore network settings ya pa pulinta. Imafufuta dzina la Wi-Fi, pasiwedi, adiresi yolembedwa pamanja, ndipo pa mapulinta ena imabwezeretsa pasiwedi ya administrator ya tsamba lake. Musanaidine, sindikizani tsamba la makonzedwe kuti mukhale ndi zakalezo. Mukamaliza lumikizani pulinta pa 2.4 GHz kapena pa chingwe, zimitsani rauta n'kuiyatsanso, kenako pulinta, sindikizaninso tsambalo, ndipo tsimikizani kuti adiresi ndi imene munaisungira mu rauta musanabwerere pa kompyuta kukachotsa maina obwereza a pulinta yomweyo, monga Copy 1 ndi Copy 2, amene anatsala pamndandanda.